Chifukwa Chiyani Fodya wa ku Malawi Anaimitsidwa pa Madoko a ku America?

Pa 1 Novembala 2019, bungwe la kasitomu la ku America, CBP, linalamula kuti fodya yense wochokera ku Malawi aziimitsidwa padoko. Yense, posatengera kampani imene yatumiza. Mlandu wake unali ntchito yokakamiza komanso kugwiritsa ntchito ana m'minda. Takulandirani, abale anga. Musachoke, chifukwa pakati pa vidiyo ino pali bodza limodzi limene limandiwawa kwambiri, ndipo lero tithana nalo.

Manambala kaye, mwachangu. Bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO linapeza kuti mu 2021 anthu 27.6 miliyoni padziko lonse anali pa ntchito yokakamiza, ndipo 3.3 miliyoni mwa iwo anali ana. Thonje, nsomba, koko, magolovesi, fodya: katundu wopangidwa ndi manja amenewa amadutsa kwa ogula ambirimbiri mpaka kufika m'sitolo. Nanga maboma akuchitapo chiyani?

Njira yoyamba: lembani lipoti. Britain anakhazikitsa lamulo mu 2015 loti kampani yopanga malonda oposa mapaundi 36 miliyoni pachaka izifotokoza zimene ikuchita pothetsa ukapolo. Koma lamulolo silinaike chindapusa kwa amene sanalembe. Kwa ine, amenewo ndi mano a nkhalamba.

Yachiwiri: fufuzani nokha. France mu 2017, Germany mu 2023, anati makampani akuluakulu azilondola kumene katundu wawo akuchokera ndi kukonza zolakwika.

Tisanafike pa yachitatu, dinani subscribe ndi kabelu kaja. Ambiri mumaonera osadina, ndimakuonani.

Tsopano bodza lija. Anthu amati: "Anapita yekha, palibe anamumanga unyolo, ndiye wakakamizidwa pati?" Mawu amenewa ndimawamva m'minibasi, ndimawawerenga m'makomenti, ndipo amandipsetsa mtima.

Pangano la ILO la 1930 silitchula unyolo. Limanena za ntchito imene munthu akugwira poopa chilango, asanadzipereke mwa kufuna kwake. Ndipo munthu amene anavomera atanamizidwa, kapena amene sangathenso kusiya, kuvomera kwakeko sikuwerengedwa.

Tiyerekeze tenanti. Wachoka ku Phalombe ndi mkazi ndi ana atatu, lole yawatula pa esiteti ku Kasungu. Ndalama ya ulendo yalembedwa m'kope la bwana. Ndowa ya chimanga, yalembedwa. Mchere, sopo, feteleza, khasu, zonse m'kope, pamtengo umene bwana wasankha yekha. Malipiro kulibe mpaka fodya atagulitsidwa ku okushoni, miyezi yambiri kutsogolo. Ntchito ikachuluka nthawi yothyola ndi kusoka, ana amasiya sukulu n'kulowa m'chigafa, manja ali bii ndi utomoni wa fodya. Nyengo ikatha, bwana atsegula kope lija n'kunena kuti, "Achimwene, mwatsala ndi ngongole, mulimenso chaka chino."

Tandiuzeni, munthu ameneyu achoke bwanji? Alibe ndi ya basi yomwe. Kwawo ndi kutali. Akathawa, thukuta la chaka chonse lapita. Geti ndi lotsegula, inde, koma kope lija lamugwira kuposa chingwe. N'chifukwa chake pa zizindikiro 11 za ntchito yokakamiza zimene ILO inalemba pali ngongole yomanga munthu, kumana malipiro, chinyengo polemba ntchito ndi kulanda ziphaso. Amene munakhalapo pa esiteti, kapena makolo anu, lembani m'makomenti ngati ndikunama.

Njira yachitatu ija, imene imaluma: tsekani doko. America ali ndi lamulo la 1930 loletsa katundu wopangidwa ndi ntchito yokakamiza kulowa, koma munali chibowo: ngati katunduyo sakupangidwa wokwanira ku America komweko, ankadutsa. Chibowocho chinatsekedwa mu 2016, ndipo kuyambira pamenepo makontena anayamba kuima.

Taonani za Top Glove ya ku Malaysia, kampani yaikulu ya magolovesi. Antchito ake ochokera ku Nepal ndi Bangladesh ankakongola ndalama zambiri kuti alipire owapezera ntchito, n'kumagwira ntchito yobweza ngongoleyo. Mu Julayi 2020, Covid ili pachimake, America anaimitsa magolovesi ake. Kampaniyo inabweza kwa antchito ndalama zoposa madola 30 miliyoni n'kukonza nyumba zawo zogona, ndipo chiletso chinachotsedwa mu Seputembala 2021.

Mu Juni 2022 America anawonjezera lamulo lina: katundu aliyense wokhudzana ndi chigawo cha Xinjiang ku China amatengedwa kuti wapangidwa mokakamiza, pokhapokha woitanitsa atabweretsa umboni wotsutsa. China imakana milanduyi. Nawo mayiko a ku Ulaya a bungwe la EU anavomereza lamulo lawo loletsa katundu wotere mu 2024, ndipo liyamba kugwira ntchito mu Disembala 2027.

Nanga kwathu kuno zinatha bwanji? Makampani ogula fodya a Alliance One ndi Limbe Leaf anachotsedwa pa chiletso mu 2020 ataonetsa momwe akulondolera alimi awo, Premium inatsatira mu 2021. Chaka chomwecho Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la ntchito n'kuthetsa utenanti. Ndinakondwera, sindibisa. Koma lamulo lili ku Lilongwe, kope lija lili ku esiteti, ndipo woyendera za ntchito wopanda mafuta m'njinga yamoto sakafikako. Ndimaopanso mlimi wamng'ono amene sanalakwe kanthu, koma alibe mapepala amene ogula akunja ayambe kufuna.

Za mapepala amenewo, ndi zimene lamulo la EU likutanthauza kwa alimi a fodya ndi tiyi, ndiye vidiyo ya sabata ya mawa. Iyi itumizeni pa gulu lanu la WhatsApp, makamaka kwa wachibale amene akukonzeka kukwera lole ija.