Musasiye mankhwala a TB chifukwa choti kutsokomola kwaleka

Abale ndi alongo a pagulu lathu lino la ku Johannesburg, uthengawu ndi wa inu amene mwayamba kumwa mankhwala a chifuwa chachikulu. Miyezi 2 yoyambirira mumamwa mitundu 4 ya mankhwala tsiku lililonse, ndipo mkodzo ukafiira musachite mantha, imeneyo ndi rifampicin, umodzi mwa mitundu 4 imeneyi. Kenako pamatsala miyezi 4, ndipo apa mpamene pagona nkhani.

Mukafika mwezi wachitatu... ayi, ndiyambe ndafotokoza chifukwa chake, poti ena simundimvetsa. Tizilombo ta TB sitikhala tonse tili maso. Tina timabisala m'mapapo n'kugona, osaswana. Isoniazid, mtundu wina mwa mankhwala amene mukumwawo, amapha msanga timene tikuswana, chifukwa amatilepheretsa kumanga khungu lake, koma togonato palibe chimene tikumanga. Ndibwereze: kutsokomola kumaleka chifukwa tamaso tafa, pamene togona tikadali moyo.

Ineyo ndinalakwa pomwepa. Nditayamba kunenepa, ndinakwera basi pa Park Station mu Disembala kupita kumudzi, nditatenga mapiritsi a masabata awiri okha, osawauza anamwino, osapemphanso kalata yokalandirira mankhwala kwathu. Mapiritsi atatha, ndinkayang'ana kabotolo kopanda kanthu pawindo n'kumati ndachira kale. Patapita miyezi ingapo ndinayambanso kutuluka thukuta usiku mpaka kunyowetsa bulangeti, anandiyezanso makhololo, ndipo ndinayambiranso poyamba. Choncho ngati mukupita kumudzi, pitani kaye kukiliniki ndi khadi lanu sabata imodzi ulendo usanafike, muwauze tsiku lonyamuka ndi lobwerera, ndipo mupemphe kalatayo. Kalatayo, osati mapiritsi okha.

Bambo wina amene tinkagwira naye ntchito anasiya dala kumwa mankhwala ake, akuti kwabwera mankhwala atsopano amphamvu. N'zoona kuti alipo. Bedaquiline, amene anavomerezedwa ku America mu 2012, amatseka njira imene kachilombo kamapangira mphamvu, ndipo poti ngakhale kogona kamafunabe mphamvu pang'ono, nakonso kamafa. Pretomanid anavomerezedwa mu 2019 atayesedwa muno mu South Africa, kuphatikizapo pachipatala cha Sizwe konkuno. Komatu amenewa amaperekedwa kwa odwala TB yosamva mankhwala, ndipo nawonso amamwedwa miyezi 6, odwala akuyezedwa mtima ndi magazi pafupipafupi. Bambowo sanafupikitse kanthu.

Za kalata ija, muisunge pamodzi ndi pasipoti, osati m'chikwama cha katundu chimene chimakwera mungolo ya basi.