Ndani anauza Kaini kuti kupha n'kulakwa?

[Chithunzi: minibasi yodzaza, kondakitala akuwerenga ndalama pakhomo]

Mwakwera minibasi madzulo. Mwapereka K5,000, kondakitala ali mkati mokangana ndi mayi wa thumba la makala, ndiye chenji chimene wakuponyerani m'manja chapitirira ndi K1,000. Inu mwaona, iye sanaone, ndipo mutsika pa siteji yotsatira. Ena amabweza. Ena amatsika nayo, koma akuyenda amadziyankhulira mumtima kuti, "Aaa, makondakitalawa amatibera tsiku ndi tsiku, lero ndabwezako." Tamverani bwino mawu amenewo. Munthuyu akudziteteza pa mlandu, pamene palibe amene wamufunsa. Akuyankha ndani?

Akhristu amati akuyankha chikumbumtima, ndipo amati aliyense ali nacho, wopemphera ndi wosapemphera yemwe. Lero tiona kumene chiphunzitso chimenechi chinachokera ndi pamene chimavuta.

[Pa sikirini: Aroma 2:14-15]

Cha m'ma 57 AD, mtumwi Paulo ali ku Korinto analembera Akhristu a ku Roma. Pa ndime imeneyi akunena za anthu a mitundu ina, amene sanalandire Chilamulo cha Mose. Akuti anthu oterowo akamachita mwachibadwa zimene Chilamulo chimafuna, amaonetsa kuti ntchito ya lamulolo inalembedwa m'mitima mwawo. Kenako akujambula bwalo la milandu: chikumbumtima chikuchitira umboni, maganizo ena akuneneza, ena akuikira kumbuyo. Ndi zija za mu minibasi zija. Gwirani mawu akuti mboni, tiwafunanso kutsogoloku.

Mawu a Chigiriki amene Paulo anagwiritsa ntchito ndi syneidesis, kutanthauza kudziwa limodzi, ngati kuti mkati mwanu muli wina amene akudziwa zomwe inu mukudziwa. Amapezeka pafupifupi ka 30 m'Chipangano Chatsopano. Chiheberi cha Chipangano Chakale chilibe mawu apadera otero, chimangoti mtima. Davide atadula kansalu ka mkanjo wa Sauli m'phanga ku En Gedi, 1 Samueli 24 imati mtima wake unamutsutsa. Chichewa chathu chili pafupi ndi Chiheberi pamenepa, poti mtima uli kale m'kati mwa dzina lakuti chikumbumtima.

Tsopano funso la mutu wathu. Kaini anapha Abele Malamulo Khumi asanaperekedwe pa Sinai. Komabe atafunsidwa za m'bale wake, sananene monyadira kuti ndamupha. Ananama. Munthu sabisa chinthu chimene akuona kuti n'chabwino. Abale ake a Yosefe nawonso: patapita zaka zoposa 20 atamugulitsa, mavuto atawagwera ku Iguputo, anayamba kuuzana okha kuti izi zikutichitikira chifukwa cha mng'ono wathu uja. Mlandu suola.

Koma umboni umene ine umandigwira mtima kwambiri uli m'buku limene ambiri timalidumpha, la Amosi. M'machaputala awiri oyambirira, mneneriyu akuweruza Damasiko, Gaza, Turo, Edomu, Amoni ndi Mowabu. Mitundu imeneyi inalibe Mose. Sakuiimba mlandu wa Sabata kapena wa chakhumi. Akuiimba mlandu wogulitsa midzi yathunthu ku ukapolo, wotumbula amayi apakati pofuna kukulitsa malire, ndipo Mowabu akumuimba wotentha mafupa a mfumu ya Edomu. Onani, wolakwa ndi wakunja, wolakwiridwa ndi wakunjanso, Isiraeli mulibemo. Amosi akuona kuti anthuwa ankadziwa, ndiye palibe chowiringula.

Augustine, bishopu wa ku Hippo, m'dziko limene lero ndi Algeria, anafika pa mfundo yomweyi kudzera m'mapeyala. Ali ndi zaka 16, iye ndi anzake anakagwedeza mtengo wa mnansi usiku, zipatso zambiri n'kukaponyera nkhumba. Njala analibe. Atakula anafunsa kuti kodi ndi wakuba uti amene amasekerera akaberedwa. Mukamubera wakuba, amakuwa kuposa tonse.

Ndi chifukwa chake n'kulakwa kuganiza kuti makolo athu anamva koyamba kuti kuba n'koipa amishonale atafika m'zaka za m'ma 1800. Mabwalo a mafumu ankaweruza kale akuba mbuzi ndi achigololo, ndipo mlendo ankapatsidwa madzi ndi nsima. Kwa Mkhristu wotsatira Aroma 2, zimenezo si zodabwitsa.

[Chithunzi: venda akupima soya pa sikelo yolendewera]

Apa wina afunsa, ndipo ali ndi mfundo: ngati lamulo ndi limodzi m'mitima yonse, bwanji anthu amasiyana chonchi? Makolo omwewo ankamwetsa anthu mwabvi pofufuza mfiti, mpaka lamulo la 1911 linauletsa ku Nyasaland. Ambiri omwetsawo ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti akuteteza mudzi. Ku Ulaya nako Akhristu obatizidwa ankatentha anthu owaganizira ufiti, n'kukagona tulo tabwino.

Thomas Aquinas, wansembe wa chipani cha Dominiko amene anamwalira mu 1274, anagawa nkhaniyi pawiri. Pansi penipeni pali chidziwitso chimene sichizima mwa munthu aliyense, choti chabwino chichitidwe ndipo choipa chipewedwe. Pamwamba pake pali chigamulo cha lero, pa nkhani iyi, ndi munthu uyu. Chachiwirichi chimatha kuphonya, chifukwa chimadalira zimene munaphunzitsidwa ndi zimene mumaopa. Zili ngati sikelo ya venda. Mlimi ndi venda onse amavomereza kuti kilogalamu ndi kilogalamu, koma sikelo ikasinthidwa, thumba la makilogalamu 50 limawerenga 44, ndipo mnyamata wotumidwa kupimayo akhoza kulumbira moona mtima kuti sanabe.

Paulo yemweyo ndi chitsanzo. Pamene Stefano ankaponyedwa miyala, iye ankasunga zovala za oponyawo. Pa Machitidwe 26 akuvomera kuti ankaona ngati ndi udindo wake kulimbana ndi dzina la Yesu. Ndiye pa 1 Akorinto 4:4 akamati sakudziwa kanthu komutsutsa, koma zimenezo sizimuyesa wolungama, akuyankhula munthu amene mboni yake inamunamizapo. Mboni ija imanena zimene yaona, koma chigamulo chomaliza akuchisiya kwa Ambuye.

Mipingo imasiyana pa kukula kwa vutoli. Akatolika amatsindika kuwala kumene kulipo: Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican mu 1965 unatcha chikumbumtima malo opatulika a mkati mwa munthu, kumene amakhala yekha ndi Mulungu, ngakhale amaonjezera kuti chiyenera kuphunzitsidwa. A Reformed, otsatira chiphunzitso cha John Calvin, pa msonkhano wa ku Dort ku Netherlands wa 1618 mpaka 1619, anati chotsala mwa munthu wochimwa ndi kakuwala kochepa chabe, kokwanira kumuchotsera chowiringula koma kosakwanira kumupulumutsa. Martin Luther atakana kubweza mawu ake ku Worms mu 1521, ananena kuti chikumbumtima chake chamangidwa ndi Mawu a Mulungu. Ambiri omwe amamutchula lero amasiya mbali yakumangidwayo.

Chodabwitsa n'chakuti ngakhale sikelo ikhoza kuphonya, Paulo salola kuti muiponde. Ku Korinto, nyama yambiri ya pamsika inkachokera ku nsembe za m'makachisi a mafano. Akhristu ena ankadya osadandaula, ena mtima unkawatsutsa. Paulo akugwirizana ndi odyawo kuti fano si kanthu, ndipo pa 1 Akorinto 10 akuti gulani pamsika osafunsafunsa. Koma kwa amene mtima ukumukaniza, akuti musamukoke, chifukwa akadya akuona kuti n'kulakwa, wadzivulaza. Aquinas anadzanenanso chimodzimodzi, kuti kuchita mosemphana ndi chikumbumtima chako n'kulakwa ngakhale chitakhala kuti chaphonya. Ndiye Paulo, amene ankadziwa kuti nyamayo ilibe vuto lililonse, ndi amene anati ngati ikukhumudwitsa m'bale wake, iye sadzadyanso nyama mpaka kalekale.