Kuyenda mu Tokyo pa sitima: musataye ndalama pa JR Pass

Takulandirani abale anga! Muonere mpaka kumapeto, chifukwa lero ma yen (ndalama za ku Japan) 50,000 atsala m'thumba mwanu, omwe mukanagulira JR Pass, tikiti ya alendo yokwerera sitima za makampani a JR mmene mungafunire kwa masiku angapo. Tili ku Tokyo, nkhani ndi ya sitima.

Choyamba, khadi. Mukangotsika ndege ku Narita kapena ku Haneda, pezani Suica kapena PASMO. Mumaikamo ndalama pa makina a pasiteshoni, n'kumaligunditsa pageti polowa ndi potuluka. Basi. Khadi lomwelo mukwerera basi, mugulira madzi mu 7-Eleven.

Chachiwiri, njanji iliyonse ya pansi panthaka ili ndi mtundu wake ndi chilembo chake, siteshoni iliyonse ili ndi nambala. Mwachitsanzo, siteshoni ya Ginza pa njanji ya chilembo G ndi G09. Chijapanizi chikakukanikani, tsatirani nambala.

Chachitatu ndiye chimandiwawa. Ambiri mumandifunsa kuti, "Achimwene, JR Pass tigule kuti tisananyamuke?" Mwamva kuti popanda tikiti imeneyi simungayende mu Tokyo. Limeneli ndi bodza lamkunkhuniza! JR Pass imagwira pa sitima za JR. Koma njanji 13 za pansi panthaka mu Tokyo si za JR ayi: 9 ndi za Tokyo Metro, 4 ndi za Toei. Mukafika pageti lawo ndi tikiti yanu yodulayo, geti silitseguka, mulipiranso.

Ndiye mtengo wake! Mu Okutobala 2023 tikiti ya masiku 7 anaikweza kuchoka pa ma yen 29,650 kufika pa 50,000. Tengani foni tiwerengere limodzi. Ulendo waufupi pa Yamanote, njanji ya JR yobiriwira ija yozungulira mzinda ndi masiteshoni 30, umadya pafupifupi ma yen 200. Kuti ndalama yanu ibwerere, mukwere ka 250 pa sabata imodzi. Kupitirira ka 35 patsiku! Mudya nthawi yanji, mzindawo muuona liti? Ngakhale kupita ku Kyoto pa Shinkansen, sitima zaliwiro zolumikiza mizinda, n'kubwerako sikufika ma yen 30,000, ndipo kuti mukwere Nozomi, sitima yothamanga kwambiri panjira imeneyi, muwonjezerabe ndalama ngakhale muli ndi JR Pass. Tikitiyi imapindulira munthu amene akudumphadumpha mizinda yakutali masiku ochepa, monga Hiroshima, Kanazawa ndi Sendai. Wokhala mu Tokyo, Suica yakwana.

Ngati zakuthandizani, dinani like ndi subscribe, kabelu kaja musakaiwale.

Chachinayi, mwachangu: m'sitima salankhula pafoni, ndipo pa masitepe oyenda okha imani kumanzere. Ku Osaka n'kumanja, musasokoneze.

Chachisanu, sitima zimaweruka cha pakati pa usiku, zimayambanso cha m'ma 5 koloko m'mawa. Yomaliza ikakusiyani, takisi idzakuliritsani.

Sabata yamawa tilowa mu Shinjuku, siteshoni ya makomo otulukira opitirira 200. Amene munasocherapo mmenemo, lembani pansipa kuti munatulukira kuti.