Mawu a M'mawa: Mdima wa pa Maple Street

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye. Mawu athu lero akuchokera pa Agalatiya 5:15, pomwe Paulo akuchenjeza kuti ngati tilumana ndi kudyana, tisamale tingathane tokhatokha.

Pa 4 Marichi 1960, wailesi ya kanema ya CBS ku America inaonetsa sewero la mu pulogalamu ya The Twilight Zone lotchedwa "The Monsters Are Due on Maple Street". Analemba ndi Rod Serling. Silikwana mphindi 30, zithunzi zake ndi zakuda ndi zoyera, koma limandigwira mtima mpaka lero.

M'seweroli, Loweruka lina madzulo chinthu chowala chinadutsa kumwamba ndi mkokomo pa msewu wotchedwa Maple Street. Magetsi anazima, mafoni anafa, magalimoto anakana kulira. Mnyamata wina, Tommy, ananena zimene amawerenga m'nthano, kuti zamoyo zakuthambo zimayamba zatumiza akazitape ooneka ngati anthu. Kuyambira pomwepo aliyense anayamba kuyang'ana mnzake ndi diso lina.

Galimoto ya Les Goodman inalira yokha. Mayi wina anakumbuka kuti amamuona usiku ataima panja akuyang'ana kumwamba. Zinali zoona, bamboyo amasowa tulo. Steve Brand anali ndi wailesi yake yolankhulirana ndi anthu akutali m'chipinda cha pansi pa nyumba. Zoonanso. Nzeru ya seweroli yagona apa: oneneza sankafunika kupeka bodza lalikulu. Ankatola tinthu toona ta mnzawo, tomwe dzulo lake tinalibe kanthu, mantha n'kutisandutsa umboni. Ndikhulupirira kuti lamulo la pa Eksodo 20:16, loletsa kuchitira mnzako umboni wonama, limasweka ngakhale ndi mawu oona, akanenedwa ndi cholinga choti mnzako aonongeke.

Kutada, Charlie, mmodzi wa anthu a pa msewuwo, anawombera munthu amene ankabwera mumdima. Anali Pete Van Horn, mnansi wawo, yemwe anapita kukaona ngati msewu wina uli ndi magetsi. Pamapeto timaona zamoyo zija zili paphiri, ntchito yawo kungozimitsa ndi kuyatsa magetsi. Sizinagwire munthu ndi dzanja. Anthu anamalizana okha.

Ife sitingaonere izi ngati za kutali. Mu 2017, mphekesera za anamapopa ku Mulanje ndi Phalombe zinaphetsa anthu. Agogo athu m'midzi amagendedwa miyala chifukwa mwana wadwala ndipo wina wakumbuka kuti gogoyo anayankhula mawu ena sabata yatha. Uthenga wa pa WhatsApp umene ukufuna kutumiza m'mawa uno, wonena za mnansi wako, wautsimikiza?

Tipemphere. Atate, mantha akatigwira, gwirani lilime lathu. Tetezani agogo ndi alendo amene akuwaloza chala lero m'midzi ndi m'matauni mwathu. Tipatseni mtima woimirira pakati pa gulu laukali ndi munthu wopanda womuyankhulira. M'dzina la Yesu Khristu, Ameni.