Kafunsidwe Koyenera Pofufuza Zomwe Akuluakulu Akukumbukira za Makolo Awo

Gogo chalo, amayi ndi abambo, zikomo pobwera. Inu achinyamata amene muyende khomo ndi khomo, tcherani khutu.

Pa kholo lililonse mufunse zinthu zisanu ndi chimodzi: dzina, mfunda, mudzi wobadwira ndi mfumu yake yaikulu, chaka chobadwa, sukulu analekezera pati, ndipo ngati anatisiya, chinali chaka chiti. Zina mwa izi amafunsanso a NRB, nthambi ya boma yolembetsa nzika, polembetsa chiphaso cha unzika, ndiye si nkhani yocheza chabe.

Munthu mumufunse payekha. Ana a bere limodzi akakhala pamphasa imodzi, wamkulu amayankhira onse, enawo nkumangovomera. Munenenso momveka kuti "amene anakuberekani", chifukwa woleredwa ndi mayi aang'ono adzakuuzani za iwowo, ndipo sananame.

Pa dzina musafulumire kulemba kuti sakudziwa. Ambirife tinakula tikumva "Nabanda" kapena "a Phiri", dzina lenileni la kholo osalitchula chifukwa cha ulemu. Mupatseni pepala alembe, kapena akunong'onezeni. Bambo amene anapita ku Joni kapena ku Harare mwina anali ndi dzina lina la kuntchito. Lembani onse awiri. Kuno kwa achikamwini mudzaona kuti za kuchikazi anthu amayankha msanga, koma kwawo kwa bambo ena amangotchula boma, mudzi osaudziwa. Lembani momwemo, musawadzazire.

Povuta kwambiri ndi pa chaka. Mukafunsa zaka, munthu amangoponya 70 kapena 80. Gwiritsani ntchito zochitika: pa njala ya 1949 anali atabadwa? Pa ufulu wa 1964 anali atatha msinkhu? Ndalama zitasintha kuchoka ku mapaundi kupita ku makwacha mu 1971 anali ndi ana angati? Pa maliro, funsani ngati zinachitika referendamu ya 1993 isanafike, kapena njala ya 2002 itadutsa. Chonde musatchule inuyo chaka chobadwa kapena chomwalira, akangomva amavomera.

Yankho lililonse mulichonge mwa zitatu: akudziwa, akuganizira, sakudziwa. Mukatero pempheni umboni, kaya khadi la ubatizo, zolembedwa pachiliza, kapena mawu a malume, eni mbumba. Chiphaso cha unzika musachikhulupirire chokha, pakuti okalamba ena chaka chawo anachita kuwaganizira polembetsa mu 2017.

Pakhomo pamene pagwa maliro posachedwa, pepesani, mudzabwerenso atameta. Wina akakana kukamba za bambo ake, musakakamize. Lembani kuti "sanafune kuyankha", osati "sakudziwa".