Musanayatse Ampeg B-15 yakale, mverani izi

Achimwene, ndamva kuti Ampeg B-15 ija, ampulifaya ya gitala ya besi, yafika. Chonde musathamangire kuilumikiza kumagetsi, mundimvere kaye mpaka ndimalize.

Yambani mwayang'ana kumbuyo kwake. Zambiri mwa zimenezi anapangira anthu a ku America, ndiye mupeza palembedwa 117 kapena 120 volts, pomwe soketi ya kwathu kuno imatulutsa 230. Mukangolowetsa pulagi choncho, fyuzi ikachedwa kuduka thiransifoma ya mkati yapsa basi, ndipo ina yofanana nayo simungaipeze pamsika. Gulani thiransifoma yotsitsa magetsi, step-down ija, yokulirapo ndithu. Komanso magetsi athu ndi a 50 hertz, awo ndi a 60, choncho izitentha kuposa momwe inazolowera. Muziisiyira mpata pakhoma kuti mpweya uzidutsa.

Ngati yakhala zaka osayatsidwa, tsiku loyamba si lanu, ndi la katswiri wodziwa mawailesi a mavalavu, mababu agalasi aja okulitsa mawu. Makapasita akale, tizipangizo tosunga magetsi mkatimo, amauma. Iye aikweze magetsi pang'onopang'ono, asinthe otha, ndipo ngati chingwe chake ndi cha mano awiri aikepo cha mano atatu chokhala ndi earth. Inuyo musapisemo dzanja, mwamva? Mkatimo mumadutsa ma volts opitirira 400, ndipo makapasita amatha kusunga mphamvuyo ngakhale mwazula pulagi.

Tsopano kayatsidwe. Masulani zotsekera za pamwamba pa bokosi, nyamulani chivundikiro, muchitembenuze. Muona ampulifaya yonse ili kunsi kwake: mavalavu awiri akuluakulu a 6L6, ena ang'onoang'ono, ndi mathiransifoma. Khazikani bwino, tsekaninso. Kenako lumikizani waya wa sipika musanakhudze swichi iliyonse. Ampulifaya ya mavalavu ikamagwira ntchito popanda sipika, thiransifoma yotulutsira mawu imawonongeka. Voliyumu ikhale pansi, standby, swichi yoimitsa kaye mawu, ikhale yotseka, yatsani. Dikirani ngati mphindi imodzi mavalavu afiire pang'ono mkati, ndiyeno tsegulani standby. Mukaona chitsulo cha mkati mwa valavu chonse chikufiira ngati khala, zimitsani msanga.

China, musaikakamize kukuwa. Everett Hull, amene anayamba kakampani ka Ampeg mu 1946 ndi mnzake Stanley Michael, anali woimba wa jazz, ndipo phokoso la rock sankalifuna. Jess Oliver atapanga B-15 mu 1960 anatsata mtima womwewo: ma watts 25 kapena 30, sipika imodzi ya mainchesi 15. Ubwino wake uli pa mawu onenepa, ofunda, aja ankakonda James Jamerson, woimba besi wa ku Motown, kampani yojambula nyimbo ya ku America. Ndi ya mu situdiyo, m'tchalitchi chaching'ono, kapena m'holo yapakati. Ya m'bwalo la mpira inabwera mu 1969, SVT ya ma watts 300 imene gulu la rock la Rolling Stones linayenda nayo, kampani itakula.  Ndiye anthu akachuluka, ikani maikolofoni patsogolo pa sipika ya B-15, zotsalazo PA, zokuzira mawu za m'holo zija, igwire.

Mukamaliza kuimba, standby kaye, kenako zimitsani. Musaitembenuzire m'bokosi ikadali yotentha. Valavu yotentha sichedwa kuwonongeka ikagwedezeka. Pangani zolongedza mawaya ndi gitala, ikazizira ndiye mutseke. Pagalimoto iyalireni bulangete pansi, misewu yathu mukuidziwa. Katswiri uja akaiona mundiimbire, ndimve zomwe wapeza.