Shakespeare ndi waulere, koma sewero mwagwiralo ndi lakedi?

Holo mwapeza, tsiku mwakhazikitsa, koma sewero mulibe. Wina akuti tipange Macbeth wa Shakespeare, wina akuti zimenezo anthu adzagona pamipando. Takhalani pansi nonse. Lero tikambirana kasankhidwe ka sewero lochokera m'masewero akalekale aja, ndipo pali bodza lina lomwe landitopetsa m'magulu a zisudzo. Lili pa mfundo yachitatu, ndiye musathawe msanga.

Choyamba, dziwerengeni. Osawerenga onse olembetsa mayina ayi, werengani okhawo amene amabweradi pokonzekera ngakhale kukugwa mvula. Ngati ndinu awiri, onani The Island, sewero la ku South Africa la 1973 lomwe adalemba Athol Fugard, John Kani ndi Winston Ntshona. Akaidi awiri m'chitokosi akukonzekera kuonetsa Antigone, sewero la Sophocles, mlembi wakalekale wa Chigiriki, pamaso pa akaidi anzawo ndi oyang'anira ndende. Mabulangete, chidebe cha madzi, basi siteji yakwana. Ngati ndinu chikhamu, ndipo muli ndi oimba ndi ang'oma, pitani kwa Ola Rotimi wa ku Nigeria. The Gods Are Not to Blame ndi nkhani ya Oedipus, uja adapha bambo ake n'kukwatira mayi ake osadziwa, koma Rotimi adaisamutsira kwa Ayoruba, mfumu yake n'kukhala Odewale.

Chachiwiri, oonera ndani, ndipo mwapatsidwa mphindi zingati? Mpikisano wa zisudzo wa ATEM, uja wa sukulu za sekondale, umafuna Chingerezi komanso uli ndi malire a nthawi. Pabwalo la kumudzi ndi nkhani ina. Zimenezi mukuzidziwa, tisachedwepo.

Tisanapitirire, ngati muli m'gulu la zisudzo, dinani subscribe, ndipo vidiyoyi muitumize ku gulu lanu la WhatsApp, makamaka kwa dayirekitala wanu, chifukwa zikubwerazi n'zake.

Chachitatu, bodza lija. "Masewero akale alibe mwini, tingotenga." Abale, theka la mawu amenewa ndi loona, ndipo theka loonalo ndi lomwe limagwetsa anthu m'mbuna.

Shakespeare adamwalira mu 1616. Sophocles adamwalira zaka zoposa 400 Yesu asanabadwe. Palibe mdzukulu wawo amene adzakuimbireni foni kufuna ndalama. Mpaka apa tili limodzi. Koma tayang'anani pepala lili m'manja mwanulo. Sophocles ankalemba m'Chigiriki. Inu mukuwerenga Chingerezi. Ndiye Chingerezicho adalemba ndani? Pali munthu adakhala pansi n'kumasulira mzere ndi mzere, ndipo mawu amenewo ndi ake. Ngati adamasulira kalekale, monga zambiri zomwe mumazipeza pa Project Gutenberg, tsamba la pa intaneti la mabuku akale aulere, mwina mwapulumuka. Ngati ndi womasulira wa posachedwa, ntchitoyo ili ndi mwini.

Nanji masewero ndatchula aja! Nkhani ya Oedipus ndi ya aliyense, koma Odewale ndi wa Rotimi. Rotimi adamwalira mu 2000. Fugard wamwalira mu 2025, John Kani ali moyo. Welcome Msomi, amene mu 1970 adasandutsa Macbeth kukhala uMabatha m'Chizulu, adamwalira mu 2020. Lamulo la ku Malawi limateteza ntchito ya mlembi moyo wake wonse, kuonjezapo zaka 50 atamwalira. Ku Britain ndi zaka 70, ndiye anzathu muli ku Manchester kapena ku London, chitani masamu anuanu. Tawerengani: 2000 kuphatikiza 50. Ena a ife tidzakhala tikuyendera ndodo.

Taganizani za munda wa makolo. Dothi ndi la mtundu wonse, palibe angakukanizeni kulimapo. Koma chimanga chomwe mnzanu wadzala chaka chino, wapalira, wathira feteleza, mungakathyole n'kumati "mundawu ndi wa agogo"? Mukagona kwa mfumu.

Ndikudziwa zomwe muyankhe. "Ife sitilipiritsa pakhomo." Kusalipiritsa pakokha sikukupatsani chilolezo. "Tasintha mayina, Odewale tamutcha Chimwemwe." Pepani, mbuzi yakuba ngakhale muimete, mwini wake aizindikirabe kulira. "Tinachita fotokope ku laibulale ya sukulu." Ayi ndithu, apo mwangoonjezera mlandu. Ndipo lina lomwe limandipsetsa mtima kwambiri: kujambula sewero lonse n'kuliponya pa YouTube ndi Facebook, dzina la wolemba osalitchula n'komwe. Ifeyo tikamadandaula kuti anthu akukopera nyimbo ndi mafilimu athu, timasiyana nawo pati?

Chochita n'chosavuta. Tsegulani tsamba lachiwiri la bukulo, pamene pali tizilembo ting'onoting'ono tomwe aliyense amatidumpha. Kawirikawiri pamalembedwa amene muyenera kumupempha chilolezo choonetsera sewerolo. Lembani kalata, nenani kuti ndinu gulu lotani, muonetsa kangati, holo imalowa anthu angati, pakhomo ndi ndalama zingati. Yambani miyezi ingapo tsiku lisanafike, chifukwa mayankho amachedwa. Mukasokonezeka, COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito zaluso ku Malawi, ilipo, kafunseni.

Amene zinakuonekeranipo, tiuzeni m'munsimu, koma osatchula mayina a anthu chonde.

Chachinayi, ndipo ichi ndi chomwe ine ndimakonda: bwererani kugwero n'kulemba lanulanu. Shakespeare yemweyo ankatero. Nkhani ya Macbeth adaitola m'mabuku a mbiri a Holinshed, Romeo and Juliet adaitenga m'ndakatulo ya Arthur Brooke ya 1562. Tengani Antigone. Mfumu Creon yalamula kuti mtembo wa Polyneices usaikidwe, Antigone, mlongo wa malemuyo, akuti ndikamuika ndithu ngakhale mundiphe. Ndani kuno angafune kumufotokozera kulemera kwa nkhani yoletsa maliro? Gulu loimba lija Agiriki ankaliika m'masewero awo, inu muli nalo kale: amayi oimba pa siwa, adzukulu atakhala poteropo ndi makasu awo akudikira mawu a mfumu. Koma musangosintha mayina n'kuveka anthu zitenje. Dzifunseni kuti m'dera lanu ndani ali ndi mphamvu zoletsa maliro, ndipo mtsikana womutsutsayo angataye chiyani.

Chachisanu, sewerolo muliwerenge mokweza nonse pamodzi musanagule nsalu ngakhale mita imodzi.

Sabata yamawa tidzaona kadulidwe ka Macbeth kuti akwane mphindi 40 afiti atatu aja osawataya. Dinani kabelu kuti isakupiteni.